Khonde la Amayi ku Bembeke Lili Pamwamba Kuposa Ben Nevis

Munthu wa ku Bembeke sauzidwa za kuzizira. Tinakula tikupita kusukulu mu Juni manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika, miyendo itatuwa ngati taipaka phulusa. Kumaliro, abale ochokera ku Mtakataka kapena ku Salima ndi amene tinkawasunthira pafupi ndi chikuni, ife n'kukhala kumbuyo. Ndiye nditapeza ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Edinburgh ku Scotland, anthu n'kumandichenjeza za nyengo yachisanu, yankho langa linali limodzi: "Kwathu n'ku Dedza." Pambuyo pake ndinadzazindikira kuti kuzizira kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo ife timadziwa mtundu umodzi. Chinanditsegula maso ndi ulendo wa pa basi wa tsiku limodzi.

Kumayambiriro kwa Januwale, mnzanga wa ku Ntcheu amene ndimagwira naye ntchito anandiumiriza kuti tikwere basi yoonetsa alendo malo, yopita ku dera lamapiri la kumpoto limene eni ake amalitcha Highlands. Basi yotere imanyamuka cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kudzabwerera pamalo omwewo cha m'ma 8 usiku. Dalaivala amakhala ndi maikolofoni pakamwa, amayendetsa uku akufotokoza mbiri ya phiri lililonse ndi mlatho uliwonse. Kwathu munthu sakwera basi popanda chifukwa: kwagwa maliro, kuli wodwala ku Nkhoma, kapena pali matumba a kachewere opita ku Lilongwe. Nditawauza amayi pafoni anayamba akhala chete, kenako anafunsa, "Nanga kumeneko kuli ndani, mwanangu?" Ndinati kulibe aliyense, tikungokaona. "Kukaona chiyani?" Funso limenelo ndinakwera nalo m'basi.

Tinanyamuka kudakali kamdima, magetsi a m'misewu akuyaka. Dzuwa linatuluka tikuyandikira Stirling, nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko, nthawi imene mlimi wa kwathu amakhala atapalira kale mizere yambiri ndipo akuganiza za phala. Apo m'pamene dalaivala analengeza monyadira kuti kukapanda mitambo tiona Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse m'dziko la Britain, lotalika mamita 1,345. Anthu m'basi anachita chidwi. Ine ndinayamba kuwerengera mumtima. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo Bembeke ali chamomwemo. Phiri la Dedza limafika 2,198, Sapitwa ku Mulanje 3,002. Ndiye kuti amayi akamasesa pakhonde m'mawa amakhala ali pamwamba kuposa munthu amene wavutika tsiku lonse kukwera Ben Nevis. Ngakhale madzi a nyanja ya Malawi, amene ali pa mamita opitirira 470, ali pamwamba kuposa msewu wonse umene tinayenda tsiku limenelo.

Nanga n'chifukwa chiyani timapiri tawoti timavala sinowo miyezi ingapo, pamene mapiri athu ataliatali saivala?

Kuzizira kwa ku Bembeke n'kwa kukwera. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa Khwekhwerere amakudziwa: ku Golomoti mumanyamuka mukudzikupiza ndi nsalu, pofika pa Masasa mukufunafuna juzi m'chikwama. Mpweya ukamakwera umapeza danga, umafutukuka, ndipo pofutukukapo umazizira. Yesani kutsegula valavu ya tayala la njinga n'kuika chala: mpweya umene unali wopanikizika umatuluka uli wozizira. Mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Ndiwo malire a pakati pa Golomoti wa malambe ndi Bembeke wa mapichesi ndi kachewere. Dzuwa ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo. Chasintha ndi pamene mwaima.

Kuzizira kwa ku Scotland n'kwa dzuwa lopendekeka, ndipo apa ndikufuna ndifatsepo chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Dedza ali madigiri 14 kumwera kwa ikweta, Edinburgh madigiri 56 kumpoto. Tambasulani dzanja lanu, mukunge chibakera, muchiike pamene thambo likumana ndi nthaka. Chibakera chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Ku Bembeke, pakati penipeni pa Juni, dzuwa la masana limakwera zibakera zisanu, ndipo mthunzi wanu umakhala waufupi kuposa inu. Ku Scotland kumayambiriro kwa Januwale, dzuwa la 12 koloko limakwera chibakera chimodzi chokha. Limangoyenda m'mphepete ngati mkamwini wamanyazi pabwalo la apongozi, kenako n'kulowa isanakwane 4 koloko. Mthunzi wa munthu umatalika kasanu kuposa mwini wake, masanasana.

Amene analimapo dimba amvetsa msanga tanthauzo lake. Kheni imodzi ya madzi mukaithira pa bedi limodzi la kabichi, nthaka imakhuta. Kheni yomweyo mukaiwaza pa mabedi anayi, palibe bedi limene lamwa. Dzuwa lopendekeka limawaza kutentha kwake chomwecho: mlingo umene ku Bembeke mu Juni umagwera pamalo amodzi, kuno umagawidwa pamalo anayi. Kuwonjezera apo, wothirirayo amaweruka msanga. Usana wa ku Dedza, ngakhale m'nyengo yozizira, umapitirira maola 11. Wa ku Edinburgh nthawi imeneyi umangokwana maola 7.

Zotsatira zake ndinazimva m'thupi titaima koyamba m'dambo lalikulu lotchedwa Rannoch Moor. Kunja kunali kowala, mitambo itang'ambika pang'ono, dziko lonse lili mbuu. Ndinachita zimene mwana aliyense wa ku Bembeke amachita: ndinafuna malo obisika ku mphepo pambali pa basi, n'kulozetsa nkhope kudzuwa. Sindinamve kanthu. Kuwala kunalipo, kutentha kunalibe. Kwathu kuzizira kumakhala ndi malire ake tsiku lililonse. Usiku kumaluma, m'mawa kumaluma, koma ikamakwana 10 koloko agogo amatulutsa mphasa kuseri kwa nyumba, ana amatsamira khoma la kalasi, nkhuku zimatambasula mapiko, mudzi wonse ukuwothera dzuwa. Mawu akuti kuwothera dzuwa alibe ntchito kuno kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Pa zonse zimene ndimasowa za kwathu, sindinkadziwa kuti ichi chidzakhala chachikulu chotere. Ndipo si nkhani ya mtima wokha. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo a zaumoyo kuno amalangiza aliyense kumwa mapiritsi ake m'miyezi yachisanu, koma ife a khungu lakuda chaka chonse. M'bale aliyense wobwera kuno ndimamuuza zimenezi asanamasule n'komwe chikwama.

Chodabwitsa n'chakuti dzikoli linayenera kuzizira kuposa pamenepa. Edinburgh ali pamzere umodzi ndi Moscow, kumene madzi amakhala ouma gwaa nyengo yonse yachisanu, koma kuno mu Januwale nthawi zambiri kumakhala madigiri 3 kapena 4 pamwamba pa ziro. Amene amawapulumutsa ndi madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic, ochokera kutali cha ku Gulf of Mexico. Madzi sataya kutentha msanga; mphika wa madzi osamba ukauphula madzulo umakhalabe wofunda pamene mafuwa azizira kale. Koma nyanja yomweyo imabweretsa chinyontho ndi mphepo, ndipo ziwirizi ndi zimene zimagonjetsa munthu. Kuzizira kwathu nthawi zambiri n'kouma: kumang'amba milomo koma kumaima pa juzi. Kwa kuno kuli ngati masiku aja a nkhungu ndi mvula yamawawa, pamene nsanja ya tchalitchi cha Bembeke imabisika ndipo zovala pachingwe zimakana kuuma, kungoti masikuwo akhale miyezi inayi. Mphepo nayo imachita zimene mayi amachita pouzira phala la mwana: imachotsa kampweya kofunda kamene thupi ladzikutira nako, thupi n'kuyambanso kutenthetsa kena.

N'chifukwa chake jekete limodzi lalikulu la pa kaunjika silithandiza monga munthu angaganizire. Eni dziko amavala mosanjikiza, malaya opyapyala atatu kapena anayi, la pamwamba lotchinga mvula ndi mphepo. Nzeru yake ndi ya denga la udzu: chimene chimasunga kutentha si udzuwo ayi, koma mpweya wotsekeredwa pakati pa udzu. Chovala cha thonje chikanyowa ndi thukuta chimasanduka mdani. Cha ubweya chimafundabe. Mnzanga uja anabweretsa masokosi apadera ndi fulasiki ya tiyi wa Chombe amene anatumiziridwa kuchokera kumudzi, ndipo pa Rannoch Moor paja zinthu ziwirizi zinali zamtengo wapatali kuposa tikiti.

Sinowo ndiyovuta kuifotokoza kwa amene sanaigwire. Si matalala. Matalala ndi miyala, amaboola masamba a fodya ndi kuphokosera pamalata. Sinowo imagwa mwakachetechete ngati madeya akamauluka popeta, ndipo ukaiponda imalira ngati ufa wa chinangwa m'thumba. Si chisanu chathu chija chimene chimagwa m'madimba usiku wopanda mitambo n'kuwaula masamba a mbatata ndi nyemba. Chimenecho ndi chinyezi choumira pamasamba pomwepo, ndipo chimakonda kumadambo chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetserekera kunsi ngati madzi. Sinowo imapangidwa kumwamba m'mitambo. M'mbali mwa msewu munali mitengo yayitali yozikidwa mondondozana, yosonyeza dalaivala pamene msewu uli ukakwiririka, komanso zipata zotsekera msewu wonse zinthu zikafika poipa. Kutsogolo kwathu kunkayenda lole yowaza mchere. Ndinaganiza za amayi akupima mchere ndi kasupuni, kuno anthu akuuthira pamsewu ndi lole. Koma chifukwa chake n'chomveka: madzi a mchere sauma msanga, ndipo madzi oumira pa tala, amene saoneka n'komwe ndi maso, ndi amene amagubuduza magalimoto.

Kenako tinalowa m'chigwa cha Glencoe, ndipo m'basi monse munati zii.

Zigwa za kwathu, zotsikira ku Mua ndi ku Golomoti, zinakumbidwa ndi mitsinje, ndipo n'zosongoka pansi ngati pamene nkhwangwa yatema. Glencoe ndi chotakata pansi, makoma ake oimirira, ngati pamene chipande chadutsa mumphika wa nsima. Chipandecho chinali madzi oundana, okhuthala mamita mazanamazana, amene ankakhukhuluzika pang'onopang'ono akupala miyala, mpaka anasungunuka zaka zoposa 11,000 zapitazo. Mapiri atatu oimirira mondondozana kumanzere kwathu anali akuda m'munsi, oyera kumutu, mitambo ikukhudza nsonga zawo. Sindinaonepo malo okongola mochititsa mantha chotero.

Dalaivala anatsitsa mawu pofotokoza zimene zinachitika m'chigwachi pa 13 Febuluwale 1692. Asilikali a boma, motsogozedwa ndi Robert Campbell wa ku Glenlyon, anafika kwa anthu a fuko la MacDonald n'kulandiridwa ngati alendo. Anadya nawo, anagona m'nyumba zawo pafupifupi masabata awiri. Kenako m'bandakucha wina anadzuka n'kupha eni nyumba, anthu pafupifupi 30 kapena kuposerapo, chifukwa mfumu yawo inachedwa kukalumbira kuti idzamvera mfumu William. Ena anathawira m'mapiri n'kukafera m'chisanu. Azungu ena m'basimo ankafunsa za ndale za nthawiyo. Ine ndi mnzanga tinangoyang'anana, chifukwa kwa munthu woleredwa ndi mawu akuti mlendo ndi mame, choipa chachikulu pankhaniyi sichifuna kufotokozera. Munthu amene wasamba m'manja m'beseni lako n'kudya nsima yako sangakutulutsire mpeni. A ku Highlands nawo ankaona chimodzimodzi, n'chifukwa chake papita zaka zoposa 300 koma nkhaniyi sinazizire.

Chimene chinandivutitsa kwambiri, komabe, ndi kusowa kwa anthu. Kuchoka pa Bembeke kupita ku Lizulu simungayende mphindi ziwiri osaona munthu: wina wanyamula nkhuni, wina akukankha njinga ya makala, amayi ayala tomato ndi kabichi m'mbali mwa msewu, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Kuno tinkayenda mtunda wautali osaona utsi wa nyumba, koma nkhosa zokha ndi agwape akuluakulu a nyanga zanthambi. Alendo amakonda bata limeneli, amalijambula, amati ndi chilengedwe chosakhudzidwa. Si zoona. M'zigwa zambiri za ku Highlands munali midzi. Kuyambira cha m'ma 1750 mpaka cha m'ma 1860, eni malo anasamutsa mabanja ambirimbiri, ena mowawotchera nyumba, chifukwa nkhosa zinkabweretsa ndalama zambiri kuposa anthu. Otsalawo anapanikizidwa pa timinda ta m'mphepete mwa nyanja, n'kumadalira mbewu imodzi yokha, mbatata ya kachewere yomwe ija. Mu 1846 chiwawu chinagwira mbatatayo, matenda omwe aja amene mlimi wa ku Bembeke amawaopa mvula ikachuluka, ndipo njala inathamangitsira anthu ku Canada ndi ku Australia. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, amene agogo ake ankagwira thangata pa nthaka ya makolo awo, nkhaniyi angaimalize yekha. Ngakhale banja la David Livingstone linachokera kuderali: agogo ake anasamuka pa chilumba cha Ulva mu 1792 kukafuna ntchito ku fakitale ya thonje ku Blantyre, kufupi ndi Glasgow, kumene iye anabadwira mu 1813. Dzina la mzinda wathu waukulu wa malonda linachokera ku mudzi wa anthu othawa umphawi.

Zikwangwani za m'misewu kumeneko n'zolembedwa m'zinenero ziwiri, Chingerezi ndi Chigeliki, chinenero cha makolo awo chimene masiku ano chimayankhulidwa ndi anthu ochepa kwambiri. Ndinakumbukira madoda a ngoma kwathu, atavala zikopa ndi nthenga, akuimba mawu a Chingoni amene ambiri a ife sitingawamasulire.

Ben Nevis tinamuona pang'ono chabe titadutsa Fort William, mutu wake uli m'mitambo. Ndiyenera kumuchitira chilungamo: phirili limayambira pafupi ndi nyanja yamchere penipeni, kotero mamita ake onse 1,345 amaoneka ndi maso, pamene phiri la Dedza limangokwera mamita 600 kuchokera pa boma. Ndi phiri loopsa, ndipo limapha anthu m'nyengo yachisanu.

Pa Fort Augustus tinatsika kukaona Loch Ness. Kwa munthu amene anaimapo pa Senga Bay, iyi ndi nyanja yaing'ono: kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 37, kuya kwake mamita 230, pamene yathu imapitirira makilomita 560 ndipo kuya kwake kumafika mamita 700. Koma zonse ziwiri zinagona m'ming'alu ya dziko, n'chifukwa chake n'zazitali, zopyapyala ndi zakuya. Madzi a Loch Ness ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi la zomera zowolerana la m'madambo ozungulira, ndipo saundana ngakhale kuzizire bwanji. Za chilombo chimene amati chimakhalamo, chimene mbiri yake inafala kuyambira mu 1933, sindinawaseke. Ifenso tili ndi Napolo. Kusiyana kwake n'kwakuti chawo chimagulitsa zidole ndi matikiti a boti, pamene wathu akadutsa, monga ku Phalombe mu 1991, amasiya maliro.

Tili chiimire m'mphepete mwa madzimo, mayi wina wachikulire wa ku Scotland komweko anatifunsa kwathu. Titatchula Malawi nkhope yake inawala. Mpingo wake unali paubale ndi mpingo wina wa kwathu, monga zilili ndi mipingo ndi sukulu zambiri kuno. Anati mwina tikuvutika kwambiri ndi kuzizira, poti tinachokera kotentha. Ndinamufotokozera za Bembeke, za nkhalango za paini, za nkhungu, za tchalitchi cha njerwa chimene mishoni yake inayamba mu 1910, za zithunzi za makolo zojambulidwa pamiyala ya ku Chongoni zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake mu 2006. Anandifunsa kuti zithunzizo zimaoneka bwanji ukaziyandikira. Ndinamuuza zoona, kuti sindinapiteko. Kuchokera kwathu ndi ulendo wosakwana theka la tsiku, ndipo magalimoto a alendo opita kumeneko ndinkawaona akudutsa ndili mwana. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Isanakwane 4 koloko dzuwa linali litapita. Ulendo wonse wobwerera, kudutsa Drumochter ndi Pitlochry, unali wa mumdima. Mawindo anachita nthunzi ngati chivundikiro cha mphika, mpweya wofunda wa anthu ukagunda galasi lozizira, ndipo ndinkapukuta ndi mkono wa juzi n'kumaona mitengo ija ya m'mbali mwa msewu ikuthwanima imodziimodzi. Dalaivala anasiya kuyankhula. Mnzanga anagona atatsamira phewa langa.

Titaima ku Pitlochry ndinaimba foni kumudzi, chifukwa kwathu nthawi imakhala patsogolo ndi maola awiri ndipo amayi sachedwa kugona. Anati mvula yagwa tsiku lonse, chimanga chafika m'chiuno, mbatata akuiopera chiwawu.

"Ndiye mwaona chiyani?" anafunsa.

"Mapiri, amayi."

"Oposa athuwa?"

"Ayi, aafupi. Koma dzuwa lake silitentha."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati ndikadzabwera ndidzabwere mu Julayi, mbatata atakumba, ndipo mphasa adzandiyalira kuseri kwa khitchini, kumene mphepo sifika.